Dzanja Lamanzere la Thelma

"Ba Gabson, lero mpando wakutsogolo ndi wanu, musalipire. Mwana wanu ndiye watidzazira nyumba!" anatero Obby, mwini kanyumba koonetsera kanema pa Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu.

Ba Gabson anakhala pansi. Maso awo anali pakhoma. Kwa zaka zambiri pamenepo pankakhala chithunzi chawo ali mnyamata, lamba wa ukatswiri wa nkhonya ali m'chiuno. Tsopano panali chithunzi cha Thelma, mwana wawo wamkazi, chachikulu ngati chitseko. Chawo chija Obby anali atachikankhira kuseri kwa firiji, koma si zimenezo zinkawaluma mumtima.

M'nthawi yawo, ofuna kuwaona ankakwera basi mpaka ku Lusaka n'kukalipira pakhomo la holo. Masiku ano nkhonya zimagulidwa pafoni. Obby anali atagula nkhonya za Thelma kuti zioneke pa TV yake, ndipo alimi, ogulitsa makala ndi makondakitala anali atapanikizana m'mabenchi dzuwa likadali m'mwamba.

Thelma anayamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankapachika thumba la gaga pamtengo wa mango n'kumalibubuda, kutsanzira zomwe atate ake ankachita m'mawa pabwalo akamamenya mphepo. Ba Gabson analidula thumbalo ndi chikwanje. Nkhonya zinawasiyira khutu limodzi logontha ndi manja onjenjemera, ndiye ankati mwana wawo, wamkazinso, asaponde kumeneko. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atakula anapita ku Lusaka, napeza omuphunzitsa ena.

Mlungu wathawo Thelma anaimba foni. "Atate, ndikumenyera lamba Loweruka. Bwerani mudzandimange bandeji m'manja, mudzakhale pakona panga."

"Amene anakuphunzitsa akumange," anayankha motero bambo wamkuluyo, n'kudula foni. Liuma lake, abale!

Chonsecho anali ndi mawu omuuza. Kuyambira pathumba la gaga lija, iwo ankaona kuti Thelma akaponya nkhonya yakumanja, dzanja lamanzere limatsika, tsaya n'kukhala poyera. Chinali chilema chawo chomwe, chimene chinawalanditsa lamba ndi khutu. Mwanayo anatengera zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma kumuuza kukanakhala ngati kuvomera kuti azimenya nkhonya, choncho anatseka pakamwa zaka zonsezo.

Pa TV belu linalira. Thelma anatuluka pakona ngati moto wolusa, ndipo m'kanyumba monse munali phokoso lokhalokha. Amake, ba Estina, anali atagwira chitenje pakamwa.

"Onani miyendo! Ba Gabson eni ake!" anakuwa Obby. "Uyu manje wakuposani, mdala. Inu ankakuonani anthu a m'holo chabe, uyu akumuona dziko lonse!"

Anthu anaseka, koma ba Gabson ayi. M'raundi yachitatu anaona dzanja lija likutsika. M'raundi yachinayi anaona kuti mdani wa Thelma, mkazi wamtali wa mutu wometa, waliona nayenso ndipo akungodikira mpata.

"Kweza dzanja, iwe! Lamanzere!" anaimirira akukuwa, benchi mpaka kugwedezeka. "Thelma, kweza!"

Nkhonya inabwera yokhota, n'kufikira patsaya penipeni. Thelma anagwa chagada, khu! Woweruza anawerenga mpaka khumi, mwana ali gone. Pambuyo pake anamudzutsa, miyendo ikugwedera, n'kupita naye pakona pomwe panali anthu achilendo okhaokha.

Kondakitala wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Make mbuu, mwana mbuu. Atate akenso akuti anagwa chomwechi."

Ba Estina anatembenukira amuna awo, misozi ili chuchuchu. "Mukukuwira TV, ili ndi makutu? Foni ija ndiyo inali ndi makutu."

Ba Gabson anatuluka osayang'ana munthu. Manyazi ndi chisoni zinawagwira, moti anayenda mpaka kunyumba osayankha moni wa aliyense. Dzuwa likulowa anatenga foni n'kumuimbira mwana wawo.

"Atate?" Mawu a Thelma anali olemera, a munthu wotupa milomo. "Munaonera?"

"Ndinaonera, mwanawe. Dokotala wati bwanji?"

"Akuti ndikhala bwino. Koma khutu likungolira."

Ba Gabson anagwira khutu lawo lakufa lija. "Ndi dzanja lamanzere. Ukaponya lamanja, umalitsitsa."

"Mwaliona lero lomweli?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale, koma anakanika kulinena. "Ndinaliona uli ndi zaka khumi ndi ziwiri."

Pomwepo Thelma anadula foni.

M'mawa mwake ba Estina anawapeza ataimirira pamsewu, atavala jekete lakutchalitchi, akudikira minibasi ya ku Lusaka. M'thumba la pulasitiki munali mabandeji awo akale, achikasu ndi ukalamba, opindidwa bwinobwino.

"Nanga akakakutsekerani chitseko?" anafunsa ba Estina.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anayankha ba Gabson, akuimitsa minibasi. "Ndikaima panja, ndikamuonetse pawindo mmene amakwezera dzanja. Akakaona, ndidzabwerako."