Chitseko cha Kukhola

Onyamula bokosi anaima pakhomo la kuchipinda, maso pansi. Chiundo, thabwa lija la pansi pa khomo, panalibe. Paja bokosi limagunditsidwa katatu pachiundo chilichonse, kuti womwalirayo atsanzike nyumba yake ndipo asadzabwererenso. Koma apa pansi panali posalala see, kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini.

"Gunditsani pansi pomwepo," anatero Leszek, mwana wamwamuna wa malemu. "Bambo sanali odandauladandaula."

Anagunditsa. Pakhomo la panja anapezanso zomwezo. Malemuwo, bambo Zenon, anazula chiundo kalekale n'kuwakapo potsetsereka. Azakhali, a Bronka, mlongo wawo wa malemu, anachita chizindikiro cha mtanda n'kunong'oneza Mirka, mlongo wake wa Leszek, kuti munthu uyu sanatsanzike, ndipo m'nyumba muno sachokamo. Dzanja limodzi la Mirka linali pa chikuku cha amayi ake, lina m'thumba la jekete, likufinya foni.

Limeneli linali Lachinayi. Pofika Loweruka anthu anali atamwazikana, magalasi oonera nkhope amene anaphimbidwa pamaliro avundukulidwa, mipando yobwereka yabwezedwa. Mirka sankatha kukhala pansi. Ankatsuka makapu otsuka kale. Ankatuluka, kuyang'ana msewu, n'kubwerera. Ntchito yake inali ku Jeremani, yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo minibasi yomutenga inali kubwera Lolemba m'mawa. Isanabwere, panafunika kudziwika kumene amayi apite.

Amayiwo, a Wanda, anafa ziwalo za kumanja zaka zingapo zapitazo. Chaka chomwecho bambo anagulitsa ng'ombe zotsala, n'kuzula chitseko cha kukhola, kuchipala, kuchilowetsa m'nyumba. Anagumula khoma kuti khomo la kuchipinda likule. Pamwamba pake anakhomapo njanji yachitsulo, n'kupachika chitsekocho pa timatayala tiwiri. Sichinkatseguka ngati zitseko zina. Chinkayenda chammbali, motsata khoma, chikung'ung'udza. Chinali chakuda, cholemera. Kumunsi kwake kunali zipsera za mano a ana a ng'ombe, ndipo kukachita chinyezi chinkanunkhabe khola.

Mirka anazionapo zotere ku Jeremani, m'nyumba za anthu olemera, zopakidwa penti yoyera. Kumeneko zinkamuseketsa. Kuno ayi. Ubwino wake ankauona: chikuku chinkadutsa osakhula mafelemu, ndipo m'kakhitchini kopanikizaka simunkafunika malo oti chitseko chizungulirepo. Koma sichinkagwirana ndi khoma. M'mbali munali mpata wolowa zala. Mphepo ya pakhomo la panja inkadutsa mpaka pabedi la amayi. Fungo la anyezi linkadutsa. Loko panalibe, moti posambitsa amayi ankachita kukuwira Leszek kuti asasuntheko. Ngakhale chithunzi cha ukwati chinachotsedwa pakhoma kuti chitseko chipeze poyenda.

Ndipo chichitikireni maliro, chitsekocho chinkatseguka chokha.

Ukachikankha ndi phewa, chitsekeke, utembenuke, umangomva nguu, chikubwerera pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa njanji. Azakhali ankati ndi Zenon, sindinakuuzeni kodi. Anaika buledi ndi kapu ya madzi pazenera. Mirka ankangochipinga ndi mpando.

Loweruka masana, amayi atagona, anachitseka, kuchipinga, n'kuitana awiriwo patebulo. Ankalankhula motsitsa mawu.

Leszek ndiye anayamba. Anati anaimbako foni kunyumba ya okalamba ya kutauni ya Hajnówka, malo alipo, chipinda cha anthu awiri, zenera loyang'ana kumitengo. Mirka anamufunsa chimene chikumuletsa kuwatenga yekha. Anayankha zimene ankayankha nthawi zonse: nyumba yake ndi ya masitepe, mkazi wake amaswera kusitolo, iye amalawirira kunkhalango kukanyamula mitengo.

"Kodi akatswiri si inu, achemwali? Amayi a Ajeremani mumawasambitsa, kuwapesa, mwina ndi kuwaimbira komwe. Anu okha ndi amene akulemerani?"

"Chikuku chiri umocho anagula ndi amayi a Ajeremani omwewo. Iwe uli pa mtunda woyenda pansi, koma unkabwera ngati wansembe, pa chikondwerero pokha."

"Nkhuni ziri panjazo zinagwa kumwamba?"

Azakhali anawaletsa, kuti bambo awo sanazizire n'komwe. Kenaka anayamba za mawondo awo. Masana atha kumabwera, anatero, koma kugona m'nyumba imene mlongo wawo akuyendamo, ayi, zimenezo asawapemphe.

Mirka anaimirira, n'kukhalanso. Analoza chitseko ndi chibwano.

"Tisanamizane. Ukachisiya, chimatseguka, mphepo yonse pa iwo. Ukachipinga, watsekera munthu ngati ng'ombe. Moto utabuka ali okha, atuluka bwanji? Munthu amene sangatsegule chitseko cha kuchipinda kwake sangakhale yekha."

Leszek anazunguliza kapu patebulo. Azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anagwirizana kuti awauza amayi za ku Hajnówka mawa madzulo, atadya, ndipo owauza akhale Mirka poti ndi wamkulu.

Lamlungu anadzuka m'mutu muli phokoso. Ananyamula amayi kuwachotsa pabedi monga ankachitira ndi okalamba ake, mofulumira, mkono m'khwapa, bondo kutsogolo. Anawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. Amayi ankatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi ngati madontho a padenga, ndipo anthu anazolowera kuwamalizira. Mirka anawamalizira. Tiyi? Bulangeti? Anawasiya m'chikuku pafupi ndi zenera la kuchipinda, n'kutulutsa sutikesi yawo pansi pa bedi, ngati akungosesa.

Chitseko chinatsegukanso kumbuyo kwake. Azakhali, amene anali atangofika kuchokera kutchalitchi, anachipatsa moni.

Mtima wa Mirka unathera pomwepo. Anaimbira Leszek kuti abwere ndi zida. Ngati amayi atsala ndi masiku ochepa m'nyumba muno, agone m'chipinda chotsekeka ngati anthu.

Leszek anakwera pampando n'kugoneka levulo, chida choonera ngati chinthu chapendekeka, pa njanji. Kathovu ka m'levulomo kanathawira mbali imodzi. Anaseka, kuseka koyamba chichokereni kumanda.

"Onani mzimu wanu, azakhali. Njanji ndi yopendekeka. Mdala ameneyu anandizulitsa mpanda wonse chifukwa cha mtengo umodzi wokhota, iye akukhoma zoterezi."

Anati ndi ntchito yochepa: kumasula mabawuti a mbali imodzi, kukweza pang'ono, kumanganso. Anaika sipanala pa bawuti yoyamba.

"Usakhudze."

Mawuwo anachokera kuchipinda. Onse anatembenuka. Amayi anali atatembenuza chikuku okha, phazi lamanzere pansi.

"Amayi, tikungofuna kuti..."

"Dikira. Ndimalize."

Mirka anadikira. Zinamuvuta kuposa kunyamula munthu. Amayi anafunsa kumene kunali kachipika ka chingwe. Kachipika kati? Kosongoka, anatero, ka mtengo wolimba, kokhala ndi chingwe chobiriwira. Kankakhala pansi pa chitseko.

Mirka anakumbukira. Tsiku limene anafika, pokolopa kuti alendo asapeze nyansi, anatola kachinthu kotero n'kukaponya m'bokosi la nkhuni. Anagwada, kufukula. Nkhuni zinali zitatsala zochepa. Anakapeza pansi penipeni, pakati pa makungwa, chingwe chitapotana. Kanali kosalala chifukwa cha kugwidwagwidwa.

Amayi anamulangiza ndi dzanja. Chingwe chikolekedwe pa msomali wa m'chipinda, uwo wa pafupi ndi bedi, umene Mirka ankapachikapo thaulo. Chidutse pampata wa pakati pa chitseko ndi khoma. Tsopano atuluke onse, atseke, alowetse kachipika pansi.

Anachita zomwezo. Chitseko chinaima nji. Atatuwo anaima m'khitchini, akuyang'ana matabwa akuda.

Chingwe chinakungika. Kachipika kanalumpha. Chitseko chinayamba ulendo wake, nguu, mosafulumira, ndipo kuseri kwake kunali amayi, chingwe m'dzanja lamanzere. Anapalasa pansi ndi phazi. Chikuku chinadutsa pamene panali chiundo osagwedezeka, chinadutsa Leszek ali chiimire ndi sipanala yake, mpaka pa mbaula. Amayi anakoka ketulo n'kuiika pamoto. Madzi pang'ono anatayika n'kuchita tswii.

"Mulungu anandilanda dzanja," anatero amayi. "Makutu anandisiyira. Chitseko ichi sichisunga chinsinsi."

Leszek anayang'ana nsapato zake.

Zotsalazo ananena pang'onopang'ono, ndipo palibe anawamalizira. Bambo ankalawirira kubowa, nthawi zina kuswera komweko. Ankawatsekera kuti agone pofunda. Kodi ana akuganiza kuti ankakhala pabedi tsiku lonse kudikira? Pabedi amatsika okha, ndi lamba amene ali kumutu uja, akapatsidwa nthawi. Poyamba njanji inali yowongoka, koma ankakankha chitseko ndi dzanja limodzi mpaka kulira. Bambo anaizula, kuipendeketsa, kuyesa, kuizulanso. Khoma lija lili ndi mabowo ambiri kuseri kwa chitsulo.

"Anati, Wanda, ng'ombe ndinkazitsekera. Iwe ayi."

Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi. Patapita kanthawi anafunsa, ngati munthu amene walandidwa kanthu, kuti ndiye si Zenon amene ankatsegula.

Amayi anati, "Ndi iyeyo. Nanga wina ndani?"

Mirka sanagonje msanga. Anatchula kusamba. Anatchula chisanu chimene chikubwera, njira ikatsekeka ndi chipale chofewa. Anatchula kugwa. Amayi anamvetsera zonse. Anati nkhuni ndi za Leszek, ndipo azidutsa madzulo kudzatseka, poti njira yake ya kunkhalango ndi yomweyi. Bronka amabwera kale tsiku lililonse kudzanena anthu, azibwera ndi sopo. Zakugwazo, angathe kugwa ndithu.

"Ndikagwa, ndigwere kwathu."

"Amayi, ine ndaonapo anthu..."

"Waona a eni. Ine wandiona liti?"

Mirka anatuluka panja. Anayenda mpaka kukhola, kumene khomo linali yasa, lopanda chitseko, udzu utamera pakati. Anabwerera mpaka pamsewu. Anatulutsa foni, kuibweza, kuitulutsanso. Anauza woyendetsa minibasi kuti mawa asaime. Kenaka anaimbira mwana wamkazi wa gogo amene ankamusamalira ku Jeremani, n'kunena kuti apeze wina mpaka pemphero la malemu la tsiku la makumi anayi litachitika. Mayiyo sanakondwere. Mirka naye sanakondwere kwenikweni. Miyendo yake inali ikufuna kale msewu.

Atalowa anapeza Leszek akubweza levulo m'thumba. Mirka anamuuza kuti iye akhala, aone ndi maso ake ngati zimenezi zingatheke m'chisanu. Zikakanika, nkhani ya ku Hajnówka idzabweranso. Leszek anati aimbako mawa, awauze kuti bedi lija apatse wina. Sutikesi ija Leszek anaikankhira yekha pansi pa bedi.

Atadya, amayi anafuna kugona pang'ono. Mirka anaika manja kumbuyo n'kuwayang'ana akukwera pabedi. Zinatenga nthawi yaitali. Lamba anang'ung'udza, mwendo wakufa unakokedwa pomaliza. Mirka anadziluma mlomo osawagwira.

Anatuluka, kukankha chitseko ndi phewa, n'kumenya kachipika ndi chidendene kuti kalowe bwino.

"Osati choncho," anatero amayi kudzera pampata. "Kalimba. Ndi chala cha phazi basi."

Anakazula, kukalowetsa mopepuka.

"Tsopano koka chingwe. Uone ngati kakuchoka."

"Mwakoka kale inu, Amayi. Kakuchoka."

"Bambo ako ankakoka. Nthawi iliyonse."

Mirka anawerama n'kukoka chingwe pamene chinatulukira pampata. Kachipika kanalumpha. Chitseko chinayenda, ndipo nkhope ya amayi inaonekera pa pilo, ikuyang'ana pamwamba pang'ono kuposa pamene panali mutu wake, pamene pankafika mutu wa munthu wamtali ngati bambo. Kenaka maso anatsika n'kumupeza.

Mirka anatsekanso chitseko.