Mkamwini wa Pakhonde

ANambewe anatsika minibasi ya ku Dedza atanyamula kachikwama kamodzi ndi chitenje chachikulu chopindapinda. Chitenjecho ndi chimene chinamuopsa Misheck. Munthu sayenda ndi nsalu yotere ngati sakufuna kubwerera ndi katundu, ndipo katundu wake anali mwana wawo Rachel, mkazi wa Misheck, pamodzi ndi kakhanda kake, Dan.

Zonsezi anaziyambitsa ndi Angella, mng'ono wake wa Rachel. Anabwera kudzacheza ku Kawale, n'kukafika kumudzi ndi lipoti lakuti achemwali atsala khosi lokhalokha. Zoona zake n'zakuti Rachel ankayamwitsa, ndipo Dan ankayamwa ngati walembedwa ganyu. Koma kumudzi anamva zawo: mkamwini wa m'tauni uja akumugoneka mwana wathu ndi njala.

"Lamlungu tinyamuka," anatero aNambewe, akulankhula ndi Rachel koma mokweza kuti wa panja amve. "Ukayambe wanenepa kwanu. Akakufuna adzabwera ndi ankhoswe."

Wa panjayo anali Misheck, chifukwa kwa aNambewe mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi. Anamva bwinobwino. Ankadziwanso mmene kukanenepa kumathera. Mnzake Greyson, amene ankawotcherera naye mageti ku Mchesi, mkazi wake anapita kukanenepa mwana ali kumsana. Lero mwanayo amalemba yekha dzina lake, Greyson akuchapabe yekha.

Ayi, wake sapita.

Mwayi unali wakuti sabata yomweyo Misheck anali atakonza geti pa lesitilanti ina ya ku Area 10, ya mtundu uja umene munthu wa ku Kawale amangoyang'ana ali mu minibasi. Kumeneko anamva kuti mwezi wa Juni uno kuli chikondwerero cha zakudya cha m'chisanu: malesitilanti akuluakulu atsitsa mphuno, mtengo ndi umodzi, mbale zitatu motsatizana. Anasungitsa tebulo la Loweruka masana.

"Ndikawadyetsa mayi ako mpaka chitenje chimasuke," anamuuza Rachel kuseri kwa nyumba. "Akaone okha ngati ndine munthu wa njala."

"Bambo a Dan, mwaiwala? Amayi sadya pamaso pa mkamwini."

"Zimenezo ndi za ku Kawale kuno. Mwambo sufika ku Area 10, umatsika pa depoti."

Loweruka kunacha ndi mphepo yoluma makutu. Pofika, anawalandira mnyamata wa malaya oyera, dzina lake lili pachifuwa: Promise. Anawatengera pa tebulo la pakati penipeni, n'kukoka mipando itatu yoyang'anana. ANambewe anayang'ana mpando, anayang'ana mkamwini, kenako anakhala chammbali ngati akwera kabaza, nkhope ataloza ku maluwa.

Mwambo unali utafika ku Area 10, ndipo unali utakhala pansi.

Promise anabweretsa mbale zoyamba. Mbale zake zazikulu ngati beseni, koma pakati pake kamsuzi ka maungu kokwana masipuni ochepa, pamwamba atakhazikapo katsamba kamodzi.

ANambewe anasuzumira ndi diso la m'mbali.

"Rachel, zimene tavalira nsapato ndi zimenezi?"

"Amayi, ichi n'choyambira chabe."

"Phala la maungu, lopanda ndi nsinjiro zomwe? Kwathu timapatsa mwana wodwala. Angella sananame. Ngati uku ndiye kudya kwa tsiku lachisangalalo, masiku enawo mumatani, mumanunkhiza?"

Misheck anatuluka thukuta m'chisanu. Anamukodola Promise.

"Achimwene, thamangitsani nyama ija. Dumphani zinazi."

"Sizitheka, bwana. Yachiwiri imatuluka yoyamba ikachoka patebulo. Ndichotse ya amayiwa?"

"Musaikhudze!" anatero Rachel. "Mukawalanda mbale asanadye, nkhani yake ikafika kwa malume."

Ndiye zinali chonchi: msuzi sungachoke osadyedwa, sungadyedwe mkamwini akuona, ndipo nyama singabwere msuzi ulipo. ANambewe anali atayamba kale kumangitsa chitenje m'chiuno, chizindikiro chakuti ulendo wayandikira.

Misheck ananyamula mpando wake n'kuutembenuza, nkhope kukhoma. Azimayi awiri a pa tebulo loyandikana anasiya kujambula chakudya chawo n'kuyamba kuyang'ana iye.

"Uwauze bambo a Dan," anatero aNambewe, "kuti makutu sanawatembenuze. Andimva ndikumeza."

Misheck anaimirira. Anavula jekete n'kumufunditsa Dan pamiyendo pa mayi ake, kuti apongozi aone kuti mwana safa ndi chisanu iye alipo. Kenako ananyamula mbale yake ya msuzi n'kulunjika kukhomo.

"Bwana, kunja sitikugawa," Promise anamutsatira. "Mipando ya pakhonde tinaiunjika, kukuzizira. Komanso mtengo uja ndi wa odyera m'kati."

"Wakwatira, iwe?"

"Ndili pa chibwenzi."

"Wa kuti?"

"Wa ku Ntcheu."

"Ndiye tsitsa mpando umodzi, uphunzire. Zimenezi zikukudikira."

Promise anatsitsa mpando.

Pakhondepo mphepo inkachita kudutsa ngati ili ndi ngolo. Misheck anakhala atafulatira zenera, malaya okhaokha, msuzi utazizira kale. Mlonda wa pageti anamuyang'ana mwachisoni, poganiza kuti amuthamangitsa. Iye sanasunthe. Munthu amene amagwira chitsulo chamoto tsiku lonse angathawe kamphepo?

Patapita kanthawi Promise anatulukira.

"Apempha madzi osamba m'manja. Ndawapititsira m'mbale ya saladi."

"Adya?"

"Amwa wonse. Katsamba kokha apatula, akuti ndiwo zosaphika sadya."

Kenako inatuluka yachiwiri: nthiti za mbuzi zofewa zochita kugwa zokha pafupa, mbatata yoponda, ndi nyemba zaziwisi zokazinga. Misheck anadya yake mano akugundana, foloko ikulira pambale.

"Zili bwanji m'katimo?" Misheck anafunsa Promise.

"Foloko aikana, akudya ndi manja. Afunsa ngati mbuziyo inali yodwala, poti yafewa chonchi. Ndawauza kuti yaphikidwa kuyambira dzulo. Akuti nkhuni zake mwalipira ndinu?"

"Unawayankha chiyani?"

"Ndati eya."

"Udzakhala mkamwini wabwino. Nanga madamu?"

"Amaliza yawo, tsopano akuthandiza amayi mbatata. Amayiwo akungowayang'ana mmene akudyera."

Yachitatu inali keke ya nthochi yotentha, pambali pake ayisikilimu. Kwa Misheck kunali ngati kumutukwana. Anaidyabe, chifukwa mtengo unali umodzi ndipo iye sanali munthu wosiyira lesitilanti phindu. Milomo inachita dzanzi. Zala zinakana kupinda.

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake. Sanacheuke, chifukwa kayendedwe ka nsapato zimenezo ankakadziwa. ANambewe anaima chapatali, nkhope ataloza ku mzati wa khonde, Rachel ali pambuyo ndi mwana.

"Rachel, uwauze bambo a Dan kuti ndaona. Iwe kudya umadya, ukuposa ndi ine. Amene akukumaliza ndi kamunthu kali kumsanako. Ndikamufunsa Angella kuti maso ake anali kuti."

Misheck anafuna kuthokoza koma nsagwada zinali zitauma.

"Uwauzenso kuti mwamuna wokhala pamphepo chonchi kuti mpongozi wake adye, sindimulanda mkazi. Mawa sukupita."

Rachel anaseka chamumtima, n'kumuponyera mwamuna wake jekete. Misheck anaivala msangamsanga, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chifikireni apongozi.

ANambewe sanasunthe. Anatembenukira kwa Promise, amene ankatola mbale.

"Mwana wanga, chikondwerero chanuchi chitha liti?"

"Loweruka likubwerali, amayi. Ndipo si ife tokha. Kuli ena ku City Centre, ena ku Area 47, kwina akuphika nkhumba, kwina bakha."

"Bakha?" anatero aNambewe. "Rachel, uwauze kuti inenso mawa sindipita. Tsiku limodzi munthu sungaweruze nalo banja. Ndiyenera kukaonanso kwinako, kuti kumudzi ndikanene zoona zokhazokha."

Misheck anayang'ana geti limene anakonza lija, n'kuyamba kuganiza za mageti ena onse a mu Lilongwe amene angafune kuwotcherera sabata imeneyo. Analipo ambiri. Akawagogodera mmodzimmodzi.

"Rachel, uwauze amayi kuti ndamva," anatero. Kenako anamukoka Promise pamkono. "Iwe umawadziwa malo amenewa. Kwa bakhako, khonde lake layang'ana kuti? Kumafika dzuwa?"