Yankho la Munthu Wina

Ndiye akanangosintha basi — kufufuta 2, kulemba 0, kukanikiza batani limodzi — ndipo anthu amene anadzaza benchi kunja kwa labu ya pa Maselema akanalandira mapepala awo n'kumapita, koma Ramsey anali atapanikiza manja onse awiri pansi pa ntchafu zake, maso ali pa mzere umodziwo pa sikirini, ndipo sanafune.

Zotsatira zonse za magazi ndi makhololo zinkasungidwa mu kompyuta ya m'chipinda cha kumbuyo, imene ankaitcha seva. Kompyuta ya kutsogolo, ya Mwanamisi wolandira odwala, sinkasunga kanthu; inkafunsa kudzera pa waya wodutsa kudenga, seva n'kuyankha. Pakati pa ziwirizi panali pulogalamu imene inabwera pa madisiketi kuchokera kunja, ndipo mzere uja ndiwo unkaiuza kuti ikhwimitse motani polandira yankho. Pa 2 inkafufuza zonse: ngati yankho lafika lathunthu, ngati lili m'dongosolo lake, ngati nambala yake ikufanana ndi nambala ya funso. Pa 1 inkakhululukira zing'onozing'ono. Pa 0 inkalandira chilichonse chobwera pa wayayo osafunsa kuti wakutuma ndani. Seva yakale inapsa ndi magetsi Loweruka, yatsopano anailumikiza dzulo, ndipo kuyambira m'mawa kompyuta ya kutsogolo inkafunsa, n'kumva yankho, n'kulikana.

Anali atayesa kale 1, eyiti koloko, a Jameson eni labu ataima kumbuyo kwake akupumira m'khosi mwake. Inakanabe. Ndiye sizinali zing'onozing'ono. Ndipo pa nthawi imeneyo, m'mizere yothamanga ija imene makina amalemba akamadandaula, anaona — akukhulupirira kuti anaona, chifukwa mizereyo inakwera msanga, ndipo maso ake masiku ano amaona zambiri zimene kulibe — funso lotuluka ndi nambala 417, yankho lobwera ndi 418.

A Jameson anatulukiranso pakhomo atapinda malaya m'mikono.

“Ramsey, makinawo akuyankha kapena sakuyankha?”

“Akuyankha, bwana.”

“Nanga vuto n'chiyani?”

“Sindikudziwa kuti akuyankha ndani.”

“Filosofe ukanaimalizira kukoleji konko. Ikakwana thwelofu asanagwire, undisiyire makiyi pa tebulo.”

Kukoleji konko. Aliyense amadziwa pomubaya, ngakhale amene sadziwa chimene chinamuchotsako, amene amaganiza kuti anali mowa kapena zionetsero zija za ana asukulu, pamene chinali chifuwa cha Evelina, mlongo wake wamkulu, amene anamulera m'zipinda ziwiri ku Zingwangwa mayi atamwalira, amene ankamusitira malaya ndi simbi ya makala n'kumauza anzake pa mpopi kuti kwathu kuno kuli injiniya. Anayamba kutsokomola mwezi wa Juni. Ramsey anamuperekeza kuchipatala, anadikira naye, ndipo pepala litatuluka Evelina sanaliwerenge, anangomupatsa iye — werenga iwe, wa kukoleji — ndipo iye anawerenga liwu limodzi lokha, liwu limene ankalifuna, lakuti palibe chifuwa chachikulu, n'kulipinda pepalalo msanga ngati lingasinthe maganizo. Anabwerera wapansi akuseka, Evelina akuima pa mtunda uliwonse kuti apume, akunena kuti ndi fumbi la m'tauni chabe.

Pepalalo analipezanso m'buku la nyimbo patapita sabata chiikire maliro a Evelina. Dzina linali lomwelo, Evelina, ndi dzina la makolo lomwelo. Zaka zinali 52. Mlongo wake anali ndi 26. Zinalembedwa pamwamba penipeni, ndi inki yabuluu, pamalo pamene chala chake chachikulu chiyenera kuti chinagwira tsiku lija, ndipo kwinakwake m'Blantyre muno munali mayi wina amene anabayidwa majakisoni miyezi iwiri chifukwa cha matenda a mwini, pamene mwini matendawo ankamwa madzi a mandimu, akumuuza mlongo wake kuti abwerere kusukulu. Kalaliki amene anapereka pepalalo sanamudziwe n'komwe nkhope, ndipo sankamuimba mlandu. Munthu wotopa pa windo amatola pepala loyandikira. Koma panali munthu wachiwiri, wolandira, amene ntchito yake yonse inali kuyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti ili si lathu.

Kunja wina anatsokomola, chifuwa chakuya chokoka. Ramsey anasuzumira pa windo. Anali bambo wachikulire wovala jekete pa dzuwa la Okotobala, ataweramira pa maondo. Pambali pake mayi wa chitenje cha chipani akudzipepeza ndi khadi la kuchipatala. Ena ataima, poti benchi inadzaza. Ena mwa iwo achokera ku Bangwe, ena ku Machinjiri, ndipo dokotala amene anawatuma sawapatsa mankhwala popanda pepala, ndipo malungo sadikira kuti mnyamata wosiya koleji akhutire. Nanga ngati sanaone 418? Nanga ngati seva yatsopanoyi yangokhala ndi kayankhulidwe kake, monga mmene kabuku ka pulogalamuyo kankanenera, kuti makina a kampani ina mungawafewetsere, nthawi zambiri sipakhala vuto? Ndiye kuti iye akuwazunza anthu awa ndi maliro ake, akuwakhazika padzuwa kuti alipire diso lake limene linagona zaka ziwiri zapitazo, ndipo bambo wa jeketeyo akakomoka pa benchi, nayenso adzakhala wake, wachiwiri — wina anamupha polandira, wina pokana.

Nthawi zambiri. Anawabwereza mawuwo m'kamwa mpaka anawawa. Nthawi zambiri kalaliki amatola pepala lolondola. Masiku ano dziko lonse lili pa 0, anaganiza choncho, kuyambira pamene zipani zinachuluka aliyense akuti tisakhwimitse, minibasi ya anthu khumi ndi asanu inyamule makumi awiri, mankhwala agulitsidwe pa thumba la saka pambali pa tomato — ndipo iye sankalira za kale ayi, za kale zinali zokhwimitsa pa tsitsi ndi masiketi, osati pa zimene zimapha — koma mzere uwu, umodzi wokhawu, unali m'manja mwake, ndipo sankaupereka.

Anadzuka, natenga cholembera ndi mpukutu wa mafomu opanda kanthu.

“Ndipatseni makhadi awo onse,” anauza Mwanamisi. “Ndikakopera pamanja ku seva konko.”

Mwanamisi anakonza mpango wake kumutu.

“Achimwene, anthuwa akutukwana ine, osati inu.”

“Auzeni alowe adzatukwane ine.”

“Mukanakhala ndi nkhope yotukwanika,” anatero Mwanamisi, koma makhadiwo anamupatsa.

M'chipinda cha kumbuyo munalibe windo, munkanunkha sipiriti ndi fumbi lotentha la makina. Apa panalibe waya pakati pa iye ndi zotsatira. Ankaziwerenga pa seva penipeni, chala chili pa khadi, chala china pa sikirini: dzina, zaka, nambala, kenako dzina kachiwiri, kenako zaka kachiwiri, chifukwa akangomaliza kulemba mtima unkamuuza kuti sanayang'ane bwino, kuti wangoona chimene amafuna kuona, ndipo ankayambiranso. Khadi la bambo wa jekete analiika pamwamba. A Hamis Fadili, zaka 61, makhololo. Chifuwa chachikulu chinalipo. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu, ndipo anadabwa kumva mtima wake ukupepuka pa nkhani yoipa chonchi, chifukwa inali yawo, yawoyawo, ndipo mankhwala ake alipo. Ola lathunthu linatha atamaliza asanu okha. Thukuta linkadontha pa mafomu. Anadziwa kuti sakafika, kuti makhadi akuchuluka kutsogoloko kuposa mmene dzanja lake lingathamangire, kuti mawa kapena mkuja wodziwa seva imeneyi atha kubwera kuchokera m'tauni n'kupeza kuti palibe chimene chinalakwika, n'kumuseka — amuseke, a Jameson atenge makiyi awo, iye abwerere ku Zingwangwa akakhale pakhonde — koma pasadzapezeke pepala lotuluka m'nyumba muno limene iye analilola asakudziwa mwini wake.

Ali pa khadi lachisanu ndi chimodzi anamva pulinta ikulira kutsogolo.

Inali isanakwane thwelofu. Pulintayo sikanalira pokhapokha kompyuta italandira yankho, ndipo sikanalandira pokhapokha wina atagwira mzere uja. A Jameson anaima kumbuyo kwake m'mawa muja, anaona pamene chala chake chinapita. Ramsey atathamangira kutsogoloko anawapeza atakhala pa mpando wake, magalasi ali pamphuno, nkhope yowala ngati munthu amene watsegula botolo limene linakanika anzake. Mwanamisi anali ataima pakona, maso pansi. Kunja anthu anamva kulirako, ndipo anali atayamba kale kudzuka pa benchi, akukutumula zovala, akubwera ku windo.

“Waona? Zagwira,” anatero a Jameson.

Ramsey anadutsa pakati pa tebulo ndi khoma, naika dzanja lake lonse pa pepala limene linkatuluka, n'kulipanikiza.

“Chotsa dzanja,” anatero a Jameson.

Pa windo panali patatambasuka kale dzanja la mayi wa chitenje uja, lotsegula, lodikira. Pepala linayamba kukwinyika pansi pa zala zake, koma makinawo sanaime. Singano zake zinkapitabe uku ndi uku, zikumenya mzere pamwamba pa mzere, ndipo Ramsey ankazimva m'chikhatho mwake, zotentha, zofulumira, zikulemba dzina la munthu.