Nkhunda Zobwerera ku Phulusa

Khola la nkhunda la malemu Stanley Sugden analiwotcha ndi anyamata a njinga zamoto, zimenezo aliyense wa ku Cragg Lane akuzidziwa. Koma amene anawalambulira njira anyamatawo ndi a Clifford Haigh, wapampando wa komiti ya madimba amene khonsolo imabwereketsa anthu, pamodzi ndi onse amene anamvera nzeru zawo patsiku lachisankho. Mkazi wa malemuyo, Doreen, amanena zimenezi m'basi, m'sitolo ngakhale pakhomo pa tchalitchi, ndipo satsitsa mawu.

Stanley anagwira ntchito mumgodi wa malasha kumpoto kuno kwa Mangalande mpaka mapapo ake anatheratu. Galimoto sanasiye. Anasiya nkhunda zampikisano, zija amazitengera kutsidya kwa nyanja n'kuzimasula kuti aone imene iyambe kufika kwawo. Ali gone m'chipatala, mpweya ukuvuta, anamugwira Doreen padzanja n'kumuuza kuti nkhundazo zisachoke pamalo pake. Choncho m'mawa uliwonse Doreen ankatsetserekera kumadimba, maondo akulira, n'kukagwedeza chitini cha chimanga monga ankachitira mwamuna wake. Nkhunda zinkatsika padenga n'kumuzungulira. Panali ina yotuwa, ya banga loyera pakhosi, imene Stanley ankaitchula kuti Bessie. Imeneyo inkatera paphewa pake penipeni.

Anyamata aja anayamba kale kuvutitsa. Ankalowa m'madimba ndi njinga zawo zopanda manambala, kupondaponda kabichi, kuthyola maloko, kuba makasu. Chimene chinkawaletsa kupitirira pamenepo ndi kapolisi kakang'ono ka pakona, moyandikana ndi sitolo ya mankhwala. M'menemo munkakhala a Tordoff, wapolisi wamimba woyenda panjinga yakapalasa. Sankathamanga, koma ankadziwa khomo la mnyamata aliyense, ndipo ankadutsa kumadimba tsiku lililonse masana.

Ndiye kunamveka zoti kapolisiko akufuna kukatseka. Chaka chomwecho boma linabweretsa chinthu chachilendo: anthu asankhe okha mkulu woyang'anira apolisi a chigawo chonse, amene azigamula polisi yoti itsekedwe ndi yoti ikhale. Opikisana odziwika anali awiri. A Gerald Ormerod ankalonjeza kusonkhanitsa apolisi onse kulikulu la mumzinda n'kuwagulira magalimoto othamanga. Mayi Pauline Naylor, amene anapuma ntchito yaupolisi, anabwera okha kumadimba kukugwa mvula, atavala majombo. Anaima pakhomo pa khola la Stanley, n'kuyang'ana loko wothyoledwa, n'kunena kuti akapambana kapolisi ka pakona sikatsekedwa. Amene anawamva anali Doreen ndi nkhunda basi. Ena onse anali atabisala mvula.

Loweruka lotsatira eni madimba anakumana m'kanyumba ka komiti, aliyense ndi kapu yake ya tiyi. A Clifford anaimirira. Anali mnzake wa Stanley kuyambira kumgodi, munthu wowerenga nyuzipepala mpaka tsamba lomaliza. Anati chisankho chimenechi palibe anachipempha. Anati apolisi si a andale, ndipo ukangowapatsa bwana wosankhidwa ndi mavoti, mawa azimanga anthu poyang'ana chipani. Anafunsa ngati alipo amene akuwadziwa opikisanawo, anthu n'kuseka. Wina anati iye ankayesa kuti khadi loitanira kukavota ndi la ogulitsa makapeti, ndipo analiyatsira moto.

"Tsono kukhala pakhomo ayi," anatero a Clifford. "Tipite tonse, koma tisachonge dzina la munthu. Tilembe madandaulo athu papepala lovoteralo. Lamulo limati pepala lililonse lowonongeka alionetse kwa opikisana asanalitaye. Ndiye akaliwerenga, afune asafune. Kalata amatha kuibisa m'kabati, koma ili likawapeza pamaso."

Anthu anawomba m'manja. Doreen anaika kapu yake pansi n'kuimirira.

"A Clifford, kodi pepala lowonongeka limakwera njinga? Lidzadutsa kumadimba kuno masana?"

"Alamu, khalani pansi, izi ndi zandale. Inu ndale zanu ndi za chimanga ndi zitosi."

"Zitosi ndimazidziwadi, n'chifukwa chake ndazizindikira msanga zikutuluka m'kamwa mwanu. Mayi uja anabwera pano. Anati kapolisi sikatsekedwa. Winayo akuti katsekedwa. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

A Clifford anayankha kuti onsewo ndi amodzimodzi, wandale amalonjeza mlatho ngakhale pamene palibe mtsinje. Doreen anati mwina n'zoona, koma wabodza amene wakulonjeza ungathe kukamugwira pakhosi n'kumukumbutsa, pamene winayo wanena poyera kuti akukhaulitsa. Anawauzanso kuti Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Anthu anaseka, koma ankaseka ukali wake, osati a Clifford. Ngakhale Hilda, mnzake wa khomo loyandikana amene ankapita naye kumasewera a bingo, anamukoka chijasi kuti akhale pansi.

Masiku otsalawo Doreen anayenda khomo ndi khomo mumsewu wawo. Ena anati kukuzizira. Ena anati akanakhala kuti akusankha aphungu bwenzi atapita, koma bwana wa apolisi ngwa chiyani. Bambo wina anamuuza, chitseko atangotsegula pang'ono, kuti iye apolisi alibe nawo ntchito chifukwa sanabepo kanthu. Doreen anamufunsa ngati sanaberedwepo, bamboyo n'kutseka chitseko.

Tsiku lachisankho linali Lachinayi la mu Novembala, nyengo yozizira kuno, kunja kuli chifunga. Doreen anadyetsa nkhunda, n'kuvala chipewa chake cha kutchalitchi, n'kupita kuholo. M'holomo munali zii ngati mwatuluka maliro. Amayi awiri oyang'anira anali atafunda majasi, wina akuluka sokosi. Ataona Doreen anadzuka onse awiri ngati kwabwera mfumukazi. Iye anatenga pensulo yomangidwa ndi chingwe, n'kuika kamtanda kake padzina la Mayi Naylor, n'kuponya. Pepalalo anachita kulimva likugunda pansi pa bokosi.

Potuluka anakumana ndi gulu la kumadimba likubwera, a Clifford ali patsogolo ngati akutsogolera kwaya. Hilda anali atabweretsa cholembera chakechake chifukwa amati pensulo angathe kuifufuta. Madzulo ake anamuuza Doreen monyadira kuti iye analemba pepala lonse mpaka kuseri: za njinga zamoto, za magetsi a mumsewu osayaka, ndi zoti kapolisi ka pakona asakatseke.

"Dzina unachonga?" anafunsa Doreen.

"Ayi, a Clifford anati tisachonge."

"Ndiye wapempha ndani kuti asakatseke?"

Mawa lake wailesi inalengeza kuti apambana a Ormerod, ndi mavoti ochepa kwambiri. Inanenanso kuti anthu ambiri m'chigawo chonse sanavote n'komwe, ndipo mapepala owonongeka anachuluka kuposa mavoti amene a Ormerod anapambanirawo. A Clifford anayenda m'madimba monse akuti boma lamva manyazi, uthenga wafika.

Mmene unafikira uthengawo anafotokoza ndi Hilda yemweyo, patapita masiku, ali kukhitchini kwa Doreen. Mwana wake wamkazi amagwira ntchito kukhonsolo ndipo anali m'gulu lowerenga mavoti. Anati mapepala owonongeka anawaonetsadi, a Clifford sananame. Mkulu wachisankho ankanyamula limodzilimodzi, oimira opikisana n'kungoyang'ana ngati pali kamtanda kapena ayi, n'kugwedeza mutu, pepala n'kugwera m'thireyi. Palibe anawerenga mzere ngakhale umodzi. Limene anaimapo pang'ono ndi lija wina anajambulapo nkhumba yovala chipewa cha polisi. Limenelo anaseka onse, a mbali zonse ziwiri.

"Langa linali lolembedwa bwino, Doreen," anatero Hilda, maso ali m'kapu. "Ndinachita kuyeserera kunyumba."

Doreen anamuwonjezera tiyi.

Chisanu chisanathe kapolisi ka pakona kanatsekedwa. Mawindo anawakhoma matabwa, pakhomo n'kumatapo nambala ya foni. A Tordoff anawasamutsira kumzinda. Anabwera kudzatsazika kumadimba atavala zovala wamba, n'kumuuza Doreen kuti agule loko wamkulu. Anyamata aja sanachedwe kuona kuti njinga yakapalasa yasiya kudutsa.

Khola lija analiwotcha Lamlungu masana, dzuwa lili pamutu, anthu akudya nyama yawo yootcha m'nyumba. Doreen anaona utsi ali pawindo akutsuka mbale. Anathamanga ndi maondo ake omwewo, atavala nsapato za m'nyumba. Anapeza denga litagwa kale. Loko wamkulu uja anagwira ntchito yake: chitseko sichinatseguke, ndipo nkhunda zimene zinali mkati zinapsera momwemo. Zinapulumuka zochepa zimene zinali kunja kouluka. Zinkazungulira pamwamba pa utsi, kutsika, kukweranso.

Ozimitsa moto anabwera. Apolisi sanabwere. Doreen ataimba nambala ija, anayankha mtsikana waulemu wa kumzinda amene anamufunsa kalembedwe ka dzina la Cragg Lane. Anamuuza kuti magalimoto onse ali kotanganidwa, anamupatsa nambala ya mlandu wake, n'kumufunsa ngati angakonde kuti amutumizire kabuku kolimbikitsa anthu amene aonekeredwa zovuta.

Lolemba m'mawa a Clifford anamupeza akufukula phulusa ndi fosholo, akutola timphete ta kumiyendo ya nkhunda n'kumaika m'thumba la epuloni. Anavula chipewa. Anati akupepesa kwambiri, Stanley anali ngati mbale wawo. Kenako anati komiti yagwirizana zolemba chikalata chamadandaulo kwa a Ormerod, ndipo akufuna dzina la Doreen likhale loyamba.

"Mukufunanso kulemba?" anatero Doreen. "Simunatope?"

"Alamu, musandiyang'ane choncho. Machesi sindinagwire ine. Ndiponso ndani akudziwa ngati mayi wanu uja akanasunga lonjezo?"

"Palibe akudziwa, ndipo palibe adzadziwe, chifukwa cha inu. Bwenzi lero ndili pakhomo pake ndi timphete iti ndikumufunsa. Koma a Ormerod ndikawafunsa chiyani? Ananena kuti atseka, atseka. M'nkhani yonseyi munthu amene sananamize aliyense ndi iwowo."

A Clifford anati chisankhocho chinali cholakwika kuchokera pachiyambi, ndipo iwo sangasinthe maganizo pa zimenezo. Doreen anati nayenso sanachipemphe, monga momwe sanapemphere umasiye, koma zikakugwera umadzuka n'kuona chochita. Anawauza kuti anapatsidwa mpeni kuti adule, iwo n'kuyamba kulemba nawo pamchenga. A Clifford anavala chipewa chawo n'kubwerera kudimba lawo la anyezi. Chikalata chija Doreen sanasaine.

Panatsala nkhunda zopanda pogona. Doreen analimbana ndi mawu a Stanley sabata yathunthu, kenako anagonja. Anazigwira n'kuziika m'dengu, n'kukwera nazo basi kupita kwa msuweni wa malemuyo, amene ali ndi khola kutauni ina kuseri kwa mapiri. Msuweniyo anazitsekera masabata angapo kuti zizolowere. Tsiku limene anazitsegulira, zinakwera m'mwamba, kuzungulira kamodzi, n'kulunjika kwawo. Nkhunda yampikisano ndi mmene ilili. Inawoloka nyanja kufuna khomo lake, ndiye mapiri angaitchinge?

Amene anayamba kuziona ndi Hilda, ndipo anabwera kudzagogoda. Doreen anatsetserekera kumadimba n'kuzipeza zitatera pamtengo wakupsa umene unatsala chiimire, Bessie ali pamwamba pa zonse, zikuyang'ana pamene panali chitseko. Anabwerera kunyumba kukatenga chitini.

Mpaka lero m'mawa uliwonse amaima paphulusa paja n'kugwedeza chimanga. Kumanganso khola sangathe, poti angaliwotchenso Lamlungu lililonse limene angafune. Kuzipereka kwina zimabwerera. Nkhunda zogona panja zimadyedwa ndi amphaka, ndipo amphaka a ku Cragg Lane anenepa. A Clifford akadali wapampando. Amati chisankho chikadzabweranso adzachita chimodzimodzi, ndipo anthu amagwedezabe mitu kuvomereza.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba. Mwina tsiku lija munati kukuzizira. Mwina khadi lija munayatsira moto, kapena munapita n'kukajambula nkhumba. Doreen Sugden ali kumadimba a ku Cragg Lane, dimba lachitatu kuchokera pageti, pamene pali pakuda. Pitani mukamuyankhe pamaso: Bessie agone kuti?