Mikono ya Jekete Yabuluu

Foni inalira Atelala ali ndi mapini atatu pakamwa, akuyeza thalauza la kasitomala. Ataona kuti ndi mwana wawo wamkazi akuimba kuchokera kunja, analavulira mapiniwo m'dzanja n'kumwetulira. Ankayembekezera zikomo.

"Ababa, mwaichita chiyani jekete yanga?"

Mwanayo anali katswiri wa judo. Anzake ankamutcha Chiswe, poti anali wochepa thupi koma ankagwetsa zimphona mwakachetechete. Sabata yapitayo anawabweretsera majekete ake awiri ampikisano, yoyera ndi yabuluu, kuti amusokere kansalu ka dzina lake kumsana. Ntchito inali yomweyo basi. Koma munthu amene wasoka zaka makumi anayi, maso ake sakhala chete. Atelala anaona mikono yolendewera ngati ya choopsezera mbalame m'munda, mtima unawawawa. Mwana wa telala akaonekere pamaso pa dziko lonse atavala zotero? Anaifupikitsa ndi zala zitatu, n'kusita bwinobwino, n'kukulunga m'pepala la pulasitiki. Chiswe anangolonga m'chikwama osatsegula, poti zosita za bambo ake sankafuna kuzikwinya.

"Ndinangoikonza pang'ono, mwanawe. Sukuona kuti tsopano yakukhala?"

"Anakutumani ndani?" anatero Chiswe. "Tisanalowe pamphasa amatiyeza zovala. Ukatambasula manja, mkono wa jekete uzifika pomangira wotchi, kuti mnzako apeze pogwira. Ukafupika amati ukubera. Ndatsala ndi mphindi makumi atatu, Ababa. Munapinda kapena munadula?"

Atelala anakhala pansi. Kasitomala uja anali chiimire, mwendo umodzi wa thalauza uli ndi mapini, koma anali atamuiwaliratu.

"Yoyera ndinapinda. Ukasomola ulusi ibwerera."

"Nanga yabuluu?"

Yabuluu ija nsalu yake inali yokhuthala. Ataipinda inakana kulowa pansi pa phazi la makina, inathyola singano ziwiri, ndipo iwo anapsa mtima n'kutenga sizasi. Anakoka dilowa ya tebulo lodulira. Tizidutswa tiwiri tabuluu tinali momwemo, tozungulira ngati zibangili.

"Ndinadula," anatero.

"Ndewu yoyamba andiika kuvala yabuluu."

"Ndiye upatse foni mkulu wa mpikisanowo. Ndimuuze kuti wolakwa ndine. Ndimupepese, ndimugwadire ngati n'kofunika."

"Ababa, kuno sadziwa telala. Andibwereka jekete yawo, koma chilango chake n'chakuti akochi anga sakhala pampando wawo tsiku lonse. Ndimenya ndekha."

Foni inaduka.

Atelala sankadziwa judo, koma nkhani ya mapointi ankaidziwa ngati tepi yawo yoyezera, chifukwa Chiswe anawalembera ndi choko patebulo lomwelo. Wosewera amayenda dziko ili ndi lija, ndipo ndewu iliyonse imene wapambana imamupatsa mapointi omukweza pamndandanda wa dziko lonse. Vuto lake, mapointiwo amafwifwa ngati nsalu yoiwalika padzuwa. Pakatha chaka amatsala theka, pakatha zaka ziwiri palibe kanthu. Chiswe atapuma kuti abereke mwana, anabwerera n'kupeza ali pansi penipeni pa mndandanda. Anayambiranso, kusiya khanda likulira pakhomo, kudzimana madzi akumwa kuti pasikelo asapitirire kulemera kololedwa, kumenya bondo lili lomanga. Tsopano mndandanda wosankhira opita ku masewera aakulu a zaka zinayi zilizonse unkatsekedwa kumapeto kwa mwezi, ndipo mpikisano uwu unali womaliza. Ankafunika kupambana ndewu ziwiri zokha kuti apitirire mtsikana amene anali pamwamba pake. Chiswe anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Anatuluka tizidutswa tija tili m'manja, kulowa m'kachipinda koyandikana nawo, ka wometa tsitsi, amene anali ndi foni yaikulu yoonera mpira.

"Ndiye munadula zovala za eni masewera?" anaseka wometayo atamva nkhaniyo. "Achimwene, Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Inu mukanapatsidwa mwinjiro wa abusa mukanausandutsa shati."

Atelala anangomuonetsa tizidutswa tija. Wometa anawayang'ana kumaso, kuseka kunamuthera, ndipo anauza munthu amene ankamumeta kuti adikire kaye ndi mutu wometa mbali imodzi. Anafufuza mpikisanowo pafoni n'kuitsamiritsa pagalasi.

Anaona Chiswe akutulukira m'bwalo. Jekete yobwereka inali youma ngati chikatoni, kumsana kopanda dzina. M'mbali mwa mphasa munali mipando iwiri. Pa umodzi panakhala mzimayi wa suti, kochi wa mnzakeyo. Winawo unali wopanda munthu, ndipo Atelala sanathe kuchotsapo maso.

Ndewu yoyambayo sinachedwe. Chiswe analowa pansi pa mnzake n'kumutembenuza, msana pamphasa kuti phi! Wometa analumpha, wometedwa uja nayenso analumpha ndi nsalu yake m'khosi. Atelala anangogwira pachifuwa.

"Imodzi yatheka! Mwaonatu, mwana wanu safuna mpando."

"Yatsala ina," anatero Atelala.

Anadikira maola awiri. Anabwerera kushopu kwawo. Analemba uthenga wopepesa n'kuufufuta, kuopa kumusokoneza. Anapemphera pemphero losalongosoka la munthu amene akudziwa kuti dzenje anakumba yekha.

Pandewu yachiwiri Chiswe anavala yoyera ija. Anali atasomola ulusi, ndipo kamera itayandikira, mzere wa simbi ya bambo ake unkaonekabe pamkono. Mnzakeyo anali wamtali, wamanzere, wodziwa kukankha. Woimbira akangoimitsa ndewu, kochi wa wamtaliyo ankakuwa malangizo, uyo n'kugwedeza mutu. Chiswe ankatembenukira kumpando wake mwachizolowezi, n'kubweza maso msanga.

Nthawi inatha popanda wogwa. Aliyense anali ndi machenjezo awiri.

"Chenjezo lachitatu ndiye kutuluka," anatero wometa. Tsopano ankalankhula monong'ona.

Anawonjezera nthawi. Chiswe anali atatopa, pakamwa pali yasa, maso onse ali pa dzanja lamanzere la mnzake. Wamtali uja sankafunanso kumugwetsa. Ankangomukankha pang'onopang'ono, chammbuyo, kulowera kumalire a mphasa kumene mtundu wake umasintha. Atelala, amene moyo wawo wonse anauthera kuyang'ana m'mphepete mwa nsalu, anaona chimene mwana wawo sankachiona.

"Phazi!" anakuwa. "Phazi lako, mwanawe! Wafika kumapeto!"

Anakuwa mpaka anthu odutsa mumsewu anasuzumira pakhomo. Mawu amenewo ndi amene akanachokera pampando uja. Chidendene cha Chiswe chinaponda kunja, kenako phazi linalo. Woimbira anakweza dzanja, kumupatsa chenjezo lachitatu chifukwa chodumpha malire.

Chiswe anakonza lamba wake, anawerama monga amachitira onse, n'kutuluka. Wometa anazimitsa foni n'kupitiriza kumeta munthu wake.

Masiku asanu makina a Atelala sanalire. Ankatsegula shopu, n'kukhala, makasitomala akabwera ankawauza kuti abwere mawa. Chiswe sanaimbe, iwonso analibe nkhope yoimbira. Tizidutswa tija anatiika m'thumba la shati, ndipo ankangotigwiragwira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakum'mawa, anaona Chiswe ataima pakhomo, dzanja lina atagwira kamtsikana kake, lina chikwama. Atelala anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Mwana wanga, amati safunsa anadya phula. Koma ine sindinafunse, phula wadya ndiwe. Ndilibe mawu."

"Ndinakwiya, Ababa," anatero Chiswe. "Ndikadali wokwiya. Musandifunse kuti zitha liti, sindikudziwa."

"Zaka zinayi si zambiri. Ukhoza kuyambiranso. Ine sindidzakhudzanso chovala chako, ngakhale batani."

Chiswe anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

"Bondo ili silingadikire zaka zinayi. Mapointi anga ayamba kale kufwifwa. Madzi akatayika saoleka."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa jekete yabuluu ija. Dzina lake linali kumsana, losokedwa mowongoka bwino, ntchito yosachititsa manyazi. Anaiyala patebulo lodulira, pomwe kale analembapo mapointi ndi choko.

"Muichepetse. Ikwane mdzukulu wanuyu. Akuti akufuna kuyamba."

Kamtsikana kaja kanali katatambasula kale manja, kakudikira kuyezedwa. Atelala anayang'ana jeketeyo nthawi yaitali, misozi ikugwera pansalu. Dzanja lawo linapita lokha pa sizasi, monga linazolowera zaka makumi anayi. Analibweza, n'kuchotsa tepi m'khosi, n'kugwada pamaso pa mwanayo.

"Uyambe wandiuza, mwanawe," anatero akuyang'ana Chiswe. "Mkono ufike pati?"