Kansapato Kosafika Kwawo

"Galu uja wabweranso?" anafunsa wojambula zithunzi, akutembenuza mapepala ndi chala cha penti. "Amayi, galu ameneyu ndamujambula mpaka ndayamba kumulota."

Mlembi anangoseka pang'ono. Anali atakhala pampando wopanda chotsamira m'kachipinda ka wojambulayo, momwe munkanunkha penti ndi fumbi. Pakhoma panali zithunzi za kansapato kofiira ka phazi lamanzere, kamene kanagwa m'basi n'kuyamba ulendo wofunafuna kanzake. Imeneyo ndiyo inali nkhani ya buku latsopano la mlembiyo, la ana ongoyamba kumene kuwerenga.

"Kafika liti kansapatoka?" anapitiriza wojambula. "Kakayandikira pachipata, galu akukatola. Kakapulumuka kwa galu, mvula ikukakokolola. Buku la ana limafunika kuonda, koma lanuli lanenepa ngati la malamulo. Si inu nomwe munandiphunzitsa kuti mwana umamudikiritsa pang'ono, osati kumusiya panjira?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

"Ayi, ikanakhala nkhono bwenzi itafika kale. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amayi. Osindikiza atopa nafe."

Mlembi anasonkhanitsa mapepala ake. Chifukwa chimene kansapato sikankafikira ankachidziwa bwino, kungoti sichinali chouza munthu wa mabulashi.

Kunyumba kwake kunali kamtsikana kamene aliyense ankakatchula kuti Kamafunso, poti pakamwa pake sipankatha "chifukwa chiyani". Anali mwana wa mng'ono wake. Mng'ono wakeyo anamusiya akadali m'matewera n'kupita kutali kukagwira ntchito yachipatala, ndipo mlembi, yemwe sanakhalepo ndi mwana wakewake, anamulera mpaka kumulembetsa sukulu. Kamafunso ankamuitana kuti amayi. Womubereka uja ankamuti amayi akutali, chifukwa ankawadziwira pafoni.

Tsamba lililonse limene mlembi walemba linkayamba ladutsa m'makutu a mwanayu. Ankamukhazika pamkeka akaweruka kusukulu n'kumuwerengera mokweza, diso limodzi papepala, lina pa mwana. Kamafunso akayamba kukanda polumidwa ndi udzudzu, mlembi ankadziwa kuti chiganizo chatalika, n'kuchidula. Akasiya kutafuna n'kutsegula pakamwa, pamenepo ndiye panali potembenuzira tsamba. Mabuku ake onse abwino analembedwa chonchi, ndipo masana amenewo ndiwo ankawakonda kuposa china chilichonse.

Tsopano amayi akutali anali atabwera. Anali atapeza nyumba kutaliko, atapezanso malo a mwana kusukulu, ndipo basi yawo inali yonyamuka m'mawa mwake. Kuyambira tsiku limene analengeza pafoni kuti akubwera kudzatenga mwana, kansapato kanasiya kuyandikira kwawo. Mlembi ankakhala pansi ndi cholinga cholemba mathero, koma dzanja linkangoitana galu.

Atafika kunyumba anapeza chikwama chili chotsegula pabedi, mng'ono wake akupinda madiresi. Kamafunso anali atakhala pakona, mikono atakulunga mawondo, nkhope ili ndwii.

"Achemwali, tamuuzani mwana wanuyu," anatero mng'ono wake, akuyesa kuseka. "Ine ndikulongedza, iye akutulutsa. Akuti sapita."

"Sindipita," anatero Kamafunso. "Kansapato sikanafike. Ndikapita ndimva bwanji kuti kafika?"

"Adzatiuza pafoni, mwanangu."

"Pafoni palibe zithunzi. Komanso amayi salemba ine kulibe. Si choncho, amayi?"

Mtima wa mlembi unadumpha ndi chimwemwe, ndipo nthawi yomweyo anachita nacho manyazi. Izi ndi zimene ankafuna. Anali atatchera msampha wake bwinobwino, tsamba ndi tsamba, ndipo unagwira. Akanangonena kuti nkhani idakalipo yaitali, mwana akanalira mpaka basi kuwasiya. Mwina mng'ono wake akanati atsale kaye amalize chaka. Chaka chikanabala chinzake.

Anayang'ana mng'ono wakeyo. Anali ataima ndi kadiresi m'manja, kadiresi kamene anagula kutaliko mongoyerekeza, ndipo kanali kakang'ono. Ankakatembenuza uku ndi uku ngati penapake patuluka nsalu yowonjezera. Maso ake anali atafiira.

"Ine ndilibe nthano, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Ndimangodziwa kubaya jakisoni. Mwana angakonde munthu wa jakisoni?"

Mlembi anakumbukira mmene mng'ono wakeyu ankalirira pafoni zaka zonsezi, akupempha kuti angomva mwana akupuma ali m'tulo. Anamva chisoni chachikulu, cha iye mwini ndi cha mnzakeyo, ndipo sanathe kusiyanitsa kuti chachikulu n'chiti.

"Tabwera, iwe," anauza Kamafunso. "Yala mkeka. Nawenso khala pansi, usiye madiresiwo."

"Mwalemba?" anafunsa mwana, akuthamangira mkeka.

"Ndalemba."

Linali bodza. Anatenga pepala la dzulo lomwe lija la galu, analigwira moti ena asaone, n'kuyamba kunena zochokera m'mutu. Anati kansapato kanatoledwa ndi mayi wina wosoka nsapato, amene anakatsuka matope, kukasoka pamene panang'ambika, n'kukaika pashelefu pomwe dzuwa linkafika. Mayiyo anakakonda kwambiri. M'mawa uliwonse ankakapukuta n'kumacheza nako.

"Chifukwa chiyani sanakagulitse?"

"Chifukwa sikanali kake."

"Nanga chifukwa chiyani sanakabweze?"

"Chifukwa m'shopu mwake munali zii. Kansapato ndiko kankamuseketsa."

Kamafunso anaganiza kaye. "Komatu kanzake kakudikira."

"Eya. Ndiye tsiku lina pakhomo panaima mtsikana atavala nsapato imodzi yofiira, phazi lina lili pansi. Anali atayenda ulendo wautali, akufunsa khomo ndi khomo. Wosoka nsapato anamuona. Akanatha kubisa kansapato kuseri kwa zikopa, palibe akanadziwa."

Apa analekeza, monga mwa ntchito yake. Pakamwa pa mwana panali yasa. Mng'ono wake nayenso anali atasiya kupukuta m'maso.

"Anabisa?" ananong'ona Kamafunso.

"Ayi. Anagwada n'kumuveka yekha. Kanamukwana ndendende. Nsapato ziwiri zija zinatuluka limodzi, kwa, kwa, kwa, mpaka kwawo."

Kamafunso anawomba m'manja, kenaka anaima. "Nanga wosoka nsapato uja?"

Olemba mabuku a ana ali ndi lamulo lawo: mwana ungamubisire zambiri, koma akakufunsa maso ndi maso usamunamize. Apa mlembi analisunga.

"Analira pang'ono. Kenaka anapukuta shelefu n'kupitiriza ntchito. Ndipo patchuthi nsapato zija zinkabwera kudzapakidwa polishi."

"Basi zili bwino," anagamula Kamafunso. Anadzuka, anatola zidole zimene anatulutsa m'chikwama zija n'kuyamba kuzibwezeramo yekha. Mlembi anayang'anitsitsa pepala lake la galu kufikira zilembo zitasiya kuoneka.

Mwana atatuluka kukatsanzika anzake, mlembi anatsitsa mabuku ake onse pashelefu n'kuwaika pamiyendo ya mng'ono wake.

"Tamvera, iwe wa jakisoni. Usamawerenge ngati ukuthamangitsidwa. Galu umupatse mawu aakulu, asamalankhule ngati nesi. Ukafika pansi pa tsamba uime, uwerenge mpaka atatu mumtima, kenaka utembenuze. Akafunsa chifukwa chiyani, usamukalipire. Ngati sukudziwa, umufunse kuti iye akuganiza bwanji."

"Ndikalephera?"

"Ulephera sabata yoyamba. Akukonza yekha, ameneyu ndi mphunzitsi wankhanza."

Anaseka onse awiri, ndipo mng'ono wake anatsamiritsa mutu paphewa la mkulu wake ngati kale ali ana.

M'mawa mlembi anawaperekeza mpaka pachipata. Anati kudepoti sapita chifukwa wojambula akumudikira, koma zoona zake n'zakuti sankafuna kuona basi ikunyamuka. Kamafunso anamukumbatira mwachangu, tsitsi likununkha mafuta amene mlembi anamudzoza komaliza, kenaka anagwira dzanja la mayi ake.

"Amayi," anatero, ndipo akazi onse awiri anatembenuka. Koma mwana ankayang'ana m'mwamba, kwa womubereka. "Inu simunamve poyambira. Ndikuuzeni mmene kanagwera m'basi?"

Anatsika msewu, chikwama chikugunda mwendo wa mayi, mwana akufotokoza ndi manja onse, akuuwa ngati galu, akudumpha zithaphwi. Mlembi anakweza dzanja kudikira kuti acheuke. Pafupi ndi pokhotera mng'ono wake anacheuka n'kubayibitsa. Kamafunso sanacheuke, anali pakati pa nkhani.

Mlembi anatsitsa dzanja. Pa mathero onse amene analembapo, awa ndiwo anagwira ntchito bwino koposa, ndipo anaima pachipatapo nthawi yaitali akulakalaka akanakhala mlembi wosadziwa ntchito.