Tinadutsa Maliro pa Dona Ana

Abale athu a ku Mutarara mpaka lero amanditchula kuti mkazi wodutsa maliro. Anene, pakamwa ndi pawo, ndipo ine Clotilda sindinapepesepo kwa munthu. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti akamafotokoza nkhaniyi amayambira pa siteshoni, ngati tinachita kugwa kumwamba n'kutera m'sitima. Nkhani inayambira pa mphasa, kwathu kwa Malemia, tsiku limene achimwene anga a Lorenso anandandalika zitsekero za mabotolo n'kumati umenewo ndiwo ulendo wa amayi.

Amayi athu, a Juliana, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Inkabwera pang'onopang'ono ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Dzuwa likakwera ankaiona nkhope ya munthu, bola awayandikire. Likangopendeka tonse tinkasanduka zithunzithunzi, ndipo koloboyi sankawathandiza kanthu. Sisitere wa kuchipatala cha mishoni anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ngati pali chimene amayi akufuna kuona, achione chaka chomwecho mvula isanagwe.

Chinalipo. Mng'ono wawo, a Priska, anakwatiwa ku Beira ndi munthu wonyamula katundu padoko, ndipo awiriwa anasiyana a Lorenso ali kumsana. Uthenga unkangoyenda pakamwa pa anthu ogwira ntchito m'sitima. Amayi sankafuna nsalu za kumeneko kapena vinyo wa Apwitikizi. Ankafuna kuona nkhope ya mng'ono wawo, basi.

Ulendo umene ndinakonza ine unali wosavuta. Sitima inkadutsa pa Nsanje m'mawa n'kukafika ku Beira kutada. Ndiye tikwere, tikafike, tikagone kwa a Priska m'mphepete mwa nyanja, kukacha anthu awiriwa apenyane dzuwa likuswa mtengo, kenako tibwerere. Ndinagulitsa thonje langa, matikiti opita ndi kubwera n'kugula. Kulakwa kwanga kunali kumodzi: ziphaso zodutsira malire. Masiku amenewo munthu wopanda kadi ya chipani sankalowa ngakhale mumsika, nanji kutuluka m'dziko. A Lorenso anali tcheyamani wa nthambi, ndiye ndi amene anakatitengera ziphasozo ku boma. Kungozigwira m'manja, ulendo unasanduka wawo.

Anatiitanitsa pansi pa mtengo wa mango monga amaitanitsira msonkhano. Anavala jekete, kutentha konse kwa ku Nsanje kuja. Amayi anakhala chapatali, akusankha thonje ndi zala, loyera uku lothimbirira uku. Palibe anawafunsa kanthu.

"Mfundo yoyamba," anatero a Lorenso, akuika chitsekero pa mphasa. "Apa ndi pa Dona Ana, siteshoni ya ku Mutarara. Titsika Lachinayi masana. Abambo aang'ono a Andrea anataya mkazi wawo, ife sitinapite. Tikapepesa maliro, tigona konko."

Anaika chachiwiri. "Mfundo yachiwiri, pa Sena, tsidya la mlatho. Apongozi anga. Tigona Lachisanu."

Chachitatu anachiika kumapeto kwa mphasa, chinatsala pang'ono kugwera pa dothi. "Beira, Loweruka madzulo. Aonana, acheza, ife tikwera yobwerera imene imanyamuka tambala asanalire. Lamulungu tili kuno. Lolemba kuli msonkhano waukulu ku boma, ine sindingasowe."

Ndinayang'ana zitsekerozo, ndinayang'ana achimwene. Ndinkayesa mwina akuseka.

"Achimwene, mwati aonana. Aonana ndi maso ati? Tifika kutada, tichoka kusanache. Dzuwa la ku Beira mwaliika pati pa mphasa panu apa?"

"Kuli nyali ku Beira. Ndi tauni kumene kuja."

"Nyali? Inu mumadya pakhomo pano madzulo aliwonse. Dzana amayi anakupatsani moni ngati mlendo, nyali ili pambali pawo. Mwaiwala?"

Anapukuta thukuta n'kunena kuti ine vuto langa ndi kupupuluma, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawauza kuti nkhono imeneyo maso ake alibe ng'ala. Ndinatenga chitsekero cha pa Sena n'kuchichotsa. Apongozi anali bwinobwino, ankalima, ndipo mwezi wathawo anali atabwera okha kudzadya nkhuku zathu. A Lorenso anachibwezera pomwepo. Iwo adutse pakhomo pa apongozi ali pawindo la sitima ngati mzungu? Anthu akanena chiyani?

Ndinati chabwino, tiyambe Beira, malirowo tipepese pobwerera. Apo ndiye anaimirira. Anati maliro sapepesa pobwerera. Munthu sungapite kaye kukaseka ndi kudya nsomba za m'nyanja, kenako n'kubwera ndi misozi yotsala. Maliro n'kulirana, anatero, ndipo tikachita zimenezo tsiku lathu likadzafika tidzadziika tokha. Mwambowo ndimaudziwa, sindinakulire kutchire. Koma akazi awo a Andrea anali atagona m'manda kuyambira nthawi yokolola mapira chaka chatha, ndipo miyezi yonseyo sitima inkadutsa tsiku ndi tsiku, a tcheyamani osaikwera. Chisoni chinawagwira pamene matikiti anagula wina.

"Ndiye tsalani," ndinatero. "Ine ndi amayi tipita tokha."

"Akazi awiri okha, m'dziko la Apwitikizi, nkhondo ikumveka kumtunda uku? Ziphaso ndinasainira ndine. Sindikupita, palibe akupita."

Ndinalira ndi mkwiyo, ndikuvomera. Ndinapita kwa amayi, ndinagwada pafupi ndi dengu lawo la thonje. "Mama, lankhulani. Ulendowu ndi wanu."

Sanadzutse mutu. "Pyadidi," anavomera m'Chisena chawo. "Mwamuna wanena. Tipita m'mene wanenera."

Ndinawakwiyiranso iwowo. Masiku otsatirawo ndinkaphika osalankhula ndi munthu. Ndinayesa kutuma akulu a mpingo, a Lorenso anawayankha ndi mfundo zomwe zija, yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pamwamba pa izo katundu anayamba kufika. Aliyense womva kuti tikupita ankabwera ndi kamtolo ka m'bale wake wa kutsidya. Nkhuku zopepesera maliro, thumba la ufa, mbuzi ya apongozi imene mwamwayi inadula chingwe usiku woti mawa ulendo. Ulendo wa maso a amayi unasanduka ngolo ya mudzi wonse.

Lachinayi tinakwera. Pa siteshoni ayufi anaona makadi athu, anachitira sawasha a Lorenso, iwo chifuwa chinatukumuka. M'sitima munali fungo la nsomba zouma ndi thukuta. Pamalire msilikali wa Chipwitikizi anadinda ziphaso n'kumabwezera aliyense chake. A Lorenso anatambasula dzanja kuti asonkhanitse zonse, koma amayi anali atalandira kale chawo ndi changa. Anazipinda n'kuzilowetsa pachifuwa, m'kati mwa bulauzi.

"Kuno sizitayika," anatero.

A Lorenso anabweza dzanja lawo. Kumeneko mwana wamwamuna safikako, ngakhale akhale tcheyamani. Ine sindinaganizire kanthu, mutu wanga unali pa mkwiyo.

Titayandikira pa Dona Ana amayi anagona. Munthu amene chibadwire changa sindinamuonepo akugona masana anatsamira pawindo, kukamwa yasa. Sitima inaima. A Lorenso anatsika ndi nkhuku kudzanja ili, thumba la ufa paphewa, n'kundiuza kuti ndiwadzutse amayi nditsike nawo. Pansi pomwepo panali a Andrea, chipewa m'manja, ndi amuna ena a pabanja.

Ndinawagwedeza. "Mama, tafika."

Maso sanatsegule. Koma dzanja lawo linatuluka m'chitenje n'kugwira mkono wanga, zikhadabo kulowa m'khungu.

"Nkhabe," anakana monong'ona. "Khala pansi. Ine ndagona."

Ndinasuzumira pawindo. A Lorenso anali atatula katundu, atanjuta pamaso pa a Andrea, akuwomba m'manja. Moni wa anamfedwa sadula pakati. Amayenera kumva matenda m'mene anayambira, kwa sing'anga kumene anapita, mawu omaliza a malemu, ndipo a Andrea anali munthu wosadumpha kanthu pofotokoza. A Lorenso ankawomba m'manja, diso limodzi lili kwa ine. Mwambo umene anandimenya nawo pa mphasa unawagwira mwendo pomwepo.

Wembulo italira anaiwala ulemu n'kukuwa. "Clotilda! Tsitsa amayi!"

"Agona, achimwene!"

"Adzutse!"

"Munthu wamkulu sadzutsidwa mwamwano!"

Sitima inagwedezeka. A Lorenso anadzambatuka, nkhuku imodzi inapulumuka n'kuthawira pansi pa benchi, a Andrea anatsala kukamwa kuli pululu nkhani ili pakati. Ndinaona jekete lija likuthamanga m'mbali mwa njanji, kenako linachepa. Ndikanatha kuwanyamula amayi n'kutsika nawo, anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Sindinafune. Amene akufuna kundiweruza ayambire pamenepo.

Tili pakati pa mlatho wautali uja amayi anatsegula maso n'kuyang'ana kunja. "Kuyera uko ndi Zambezi?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu. "Wogona sadutsa maliro, mwananga. Imadutsa ndi sitima." Kenako anapempha chinangwa chophika, anadya bwinobwino ngati munthu wosalakwa. Pa Sena anagonanso. Pa Inhaminga anali maso, akucheza ndi mayi wina wogulitsa nkhanu amene ankakhala dera limodzi ndi a Priska. Mayi ameneyo ndiye anatiperekeza titafika ku Beira, mdima utagwa kale.

Nyumba ya a Priska inali ya malata akale, kuseri kwa milu ya mchenga. Nyanja sindinaione, ndinkangoimva ikupuma. Mayi uja anaodira, chitseko chinatseguka.

"Ndani?"

"Ndine Juliana."

"Mana Juliana, akulu anga? Suja munati Loweruka?"

Anagwirana pakhomo pomwepo, kulira ndi kuseka pamodzi. M'nyumba munalibe kuwala. A Priska anati mafuta a nyali anatha, ana awo akagula mawa. Koma mumdima momwemo ankayenda mosapunthwa, anatipatsa madzi, anatipakulira mpunga ndi nsomba, anatiyalira mphasa. Ndinagona ndikumva mawu awo awiri akutchulana mayina a anthu amene anafa ine ndisanabadwe.

Kutacha ndinatuluka ndekha. Madzi opanda tsidya, ngalawa za asodzi zikubwerera, akazi akuthamangira ndi madengu. Dzuwa litakwera amayi anatuluka atagwira dzanja la mng'ono wawo. Sanayang'ane n'komwe nyanja. Anaifulatira, n'kuwatembenuza a Priska kuti kuwala kuwagwere kumaso, kenako anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugundana.

Nditasendera ndinaona chimene anaona. Maso a a Priska anali oyera onse awiri, ngati madzi otsukira mpunga. Dzuwa linkawawomba, iwo osaphethira.

"Priska," anatero amayi. "Nyali ija sinathe mafuta."

"Ndilibe nayo ntchito, mana. Chaka chachitatu chino." Anaseka pang'ono. "Ndinawaletsa ana kukutumizirani uthenga. Ndinkati mukamva mudzati kupitako n'kukatani, poti sakandiona."

Ndinakhala pansi pa mchenga. Mkwiyo umene unandigwira pamenepo unaposa wa pa mphasa paja. Tikanatsata zitsekero za a Lorenso, tikanafika mumdima, kudya mpunga mumdima, kutsanzikana mumdima, n'kubwerera kwathu tikunena kuti a Priska ali bwino, nyali yokha ndiyo inatha mafuta.

Zotsatira zake ndinazilandira. Pobwerera tinatsika pa Dona Ana, a Andrea anatilandira ndi msana. A Lorenso anakhala osandilankhula mpaka mvula inagwa, ndipo pofika nthawi imeneyo amayi sankasiyanitsanso usana ndi usiku. Atamwalira, a ku Mutarara sanabwere kudzalira. Anabweza ngongole yawo, anakhutira. Ine ndikamawakumbukira amayi sindiona anthu amene anasowa pamaliro. Ndimaona m'mawa uja.

A Priska anagwira manja a amayi n'kuwaika pa masaya awo.

"Mana, inu mukuonabe. Tandiuzani, ndikuoneka bwanji? Ana amangoti muli bwino, muli bwino. Ndakalamba?"

Amayi anayang'anitsitsa, anapendeketsa mutu uku ndi uku kufunafuna pamene utsi wa m'maso mwawo unali wopyapyala. Anayamba kuwerengera pang'onopang'ono. Imvi zayambira kumanzere. Chipsera cha pachibwano, chija anagwa mu mtengo wa bwemba, chikadalipo. Dzino limodzi lakutsogolo lapita.

"Nanga nkhope yonse?"

"Wafanana ndi mama," anatero amayi. "Ndendende. Ndimayesa ndinawaiwala nkhope, kani unaisunga ndiwe."

A Priska anadzigwira kumaso ndi manja onse awiri, akusisita pang'onopang'ono ngati akupatsa moni munthu wochokera kutali. "Takhuta, mana," anathokoza m'Chisena. "Nenaninso. Yambirani pa imvi."

Amayi anayambiranso.